Peugeot ya amalume ndi penti imene inachita makwinya

Shedi yathu yowongola ndi kupopera galimoto ili kumadzulo kwa Lusaka, kuseri kwa msewu wa Mumbwa, kumene fumbi limalowa popanda odi. Tinaiyamba awiri, ine ndi mng'ono wanga, tili ndi kompresa yogula kwa munthu, magani awiri opopera, nyundo ndi ngongole. Nthawi imeneyo maminibasi a m'tauni muno anali a buluu, ndipo ndiwo ankatidyetsa. Dalaivala abwera m'mawa chitseko chitapindika, madzulo akufuna basi yake ili pa mzere ku City Market. Wongola, mata fila, khula, popera, landira ndalama. Za kukongola palibe ankafunsa.

Zinasintha amalume atatitumizira Peugeot 404 yawo kuchokera ku Katete, itakwezedwa pa lole yobwera ndi chimanga. Inakhala zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Galimoto zimenezi zinayamba kupangidwa mu 1960, ku France anazisiya mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kuzilumikiza mpaka 1991, n'chifukwa chake zitsulo zake sizisoweratu kuno kwathu. Amalume anangoti, "Mphwanga, galimoto iyi ndi imene inanyamula mayi ako tsiku la ukwati wawo. Ndifuna ndiikwerenso ndisanafe." Za mtengo sanatchule, ndipo ine sindikanayerekeza kufunsa.

Ndinalakwa poyambirira penipeni. M'mutu mwanga munali kuti galimoto yakale iliyonse imafuna NC (nitrocellulose), penti youma msanga ija madala ena amaitchabe Duco, dzina limene kampani ya DuPont inaipatsa m'zaka za m'ma 1920. Ndinagula, ndinakhula pamwamba pokha, ndinapopera boneti. Sindinadziwe kuti kumudzi wina anaidzolapo ndi burashi penti yamafuta, yomweyi ya zitseko ndi mawindo. Tinala wa NC, mankhwala osungunulira penti, ndi waukali. Anafewetsa penti yapansiyo, ndipo tisanatsuke n'komwe gani, boneti yonse inali itakwinyika ngati chikopa choyanika popanda zikhomo. Mng'ono wanga anaseka mpaka kukhala pansi. Tinapala galimoto yonse kufikira chitsulo, masabata awiri opanda wotilipira, maminibasi akupita kwa anzathu.

Pamasabata awiriwo mpamene ndinayamba kufunsa anthu amene anapopera galimoto ine ndisanabadwe. Mdala wina amene anagwirapo ntchito ku Livingstone, kumene ankalumikiza ma Fiat, anandiuza chinthu chimene chinandimasula. Mafakitale ambiri a nthawi imeneyo sankapoperanso NC. Ankapaka enamulo n'kulowetsa thupi lonse la galimoto mu uvuni lisanaikidwe mipando, mawaya ndi magalasi. Penti yoteroyo sungaibwezere mu shedi ya malata. Ndiye munthu akandiuza kuti akufuna "penti yake yeniyeni", ndimamuuza kuti yeniyeniyo inatsala kufakitale, chimene tingasankhe ndi maonekedwe ake ndi zaka zimene ikhale.

NC ndimaikondabe, ndisaname. Imauma tinala akangouluka, pamphindi zochepa, fumbi lisanapeze pokhala. Ukalakwitsa umakhula n'kupoperanso, yatsopano n'kusungunukira mu yakale popanda chipsera. Ukaipukuta bwino kuwala kwake kumakhala kofatsa, kozama, osati kothobwa m'maso. Koma imafuna kupopera kambirimbiri chifukwa ndi yopyapyala, ndipo Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, dzuwa lake silichitira chifundo. Galimoto ya NC yogona panja imasuluka, ukaisisita chala chimatuwa ngati wagwira choko. Petulo akadonthera pafupi ndi thanki amasiya banga. Nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala, chinyezi chimaichititsa kuyera ngati wathirapo mkaka, ndiye umangodikira tsiku la dzuwa.

Penti ya besi ndi kiliya ndi imene achinyamata amafuna, poti ndi imene ili pa galimoto za masiku ano. Mtundu pansi, chonyezimira pamwamba. Pa mitundu ya metaliki sindikangana nayo. Koma pa 404 kapena Morris Minor imaoneka ngati switi ya m'pepala la pulasitiki, ngati agogo avala suti ya mdzukulu. Ndipo kiliya wotchipa akapsa ndi dzuwa sakonzeka ndi polishi. Taimani pa Great East Road muone madenga a galimoto zochokera ku Japan mmene akufundulira ngati njoka.

Peugeot tinaipopera 2K, penti yosakaniza ndi mankhwala oilimbitsa otchedwa hadena, ya mtundu umodzi, imene mtundu ndi kuwala zili m'chitini chimodzi, popanda kiliya. Pachitsulo tinayamba ndi pulaima, penti yapansi, ya epoxy yotchinga dzimbiri, kenako pulaima yodzaza, n'kukhula ndi thabwa lalitali kuti mbali zisachite mafunde. Penti imene timagula imasakanizidwa magawo awiri ndi gawo limodzi la hadena, ndipo siuma chabe, imalimba yokha mkati, moti petulo saichita kanthu. Itakhwima tinaikhula ndi madzi, sandipepa ya 1500 kenako 2000, n'kupukuta. Apo mpamene kuwala kwa pulasitiki kumachoka, n'kutsala kofanana ndi kwa kale kuja. Kuyambira pamenepo galimoto zakale zambiri zimene zalowa muno zatuluka ndi penti imeneyi.

Nayonso ili ndi minga yake. Imachedwa kuuma, ndiye mu Ogasiti ndi Seputembala mphepo ikamaulutsa fumbi timathira madzi pansi, timatchinga ndi mapulasitiki, timapopera tambala asanalire kachiwiri. Ukathira hadena nthawi yayamba kuwerengedwa, pakapita maola ochepa yalimba m'kapu. Mu 2024, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, magetsi ankabwera maola owerengeka, nthawi zina pakati pa usiku. Tsiku lina anathima denga la galimoto lili theka, kompresa n'kungoti zii, penti yodula ikundiyang'ana m'gani. Jenereta tinagula mwezi womwewo, ndi ndalama imene inali ya njerwa za nyumba yanga. Amayi a kunyumba sanaiwale.

Munga waukulu uli m'chifuwa. Hadena wa 2K ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene amayambitsa mphumu, ndipo munthu thupi likangoyamba kudana nawo, ngakhale kafungo kochepa kamam'tseka. Mng'ono wanga anayamba kulira m'chifuwa usiku ngati mphaka. Ife tinkachita zimene opopera onse amachita, kansalu kumphuno, pomaliza paketi ya mkaka "yotsukira m'chifuwa". Mkaka umapita m'mimba, penti imapita m'mapapo, njira zake n'zosiyana. Lero iye sapoperanso, amawongola ndi kukhula panja, ndipo ine ndimavala chigoba cholandira mpweya wa payipi kuchokera kunja kwa chipinda. Anyamata amene timawaphunzitsa amandiseka kuti ndikupita kumwezi. Aseke.

Mwini galimoto akabwera sindiyamba ndi buku la mitundu. Ndimafunsa kumene galimotoyo imagona, ndi amene aziyendetsa. Bambo wina wa ku Kabulonga ali ndi galaja yotseka, galimoto yake imatuluka Lamlungu lokha, ndipo amakonda kuipukuta yekha. Ameneyo tinam'patsa NC, ndipo mtima wanga unali m'malo. Mayi wina anabweretsa Fiat 124 ya malemu bambo ake, imagona pabwalo ku Chilenje, ana amatsamirapo njinga. Imeneyo 2K, popanda kukambirana. Land Rover yakale ndi nkhani ina. Thupi lake ndi la aluminiyamu, limafuna pulaima yoluma chitsulo, apo ayi penti imasendeka ngati khoko la nthochi. Ndipo ndimawapempha eni ake kuti tisaiwalitse kwambiri, poti Land Rover yonyezimira imaonetsa kabampu kalikonse, pomwe inabadwa kale ndi mbali zosasalala.

Amalume anabwera pa basi ya ku Chipata kudzatenga galimoto yawo, atavala jekete. Anaizungulira kawiri, manja kumbuyo. Ine ndinkadikira mawu a penti. Anaima kumbuyo chakumanzere, n'kusisita madigadi.

"Mphwanga, pano panali popindika."

"Tinawongola, amalume."

"Anapindapo ndi bambo ako, akuphunzira kubwerera m'mbuyo. Anagunda nkhokwe ya apongozi awo." Anakhala chete pang'ono. "Basi, wawongola wawongola."

Patatha mwezi, lole yomwe ija inatsitsa pa shedi matumba atatu a mtedza ndi mbuzi yamoyo, imene inadya theka la mapepala athu omatira tisanapeze woipha.