Impso Zitatu, Matenda Atatu

Lolemba m'mawa mu labotale yathu yopima ziwalo zochotsedwa pa opaleshoni munafika impso ziwiri za odwala awiri, pa fomu zonse zitalembedwa kuti khansa ya impso. Mawu amenewa satiuza zambiri. Mwa akuluakulu, pafupifupi khansa 9 pa 10 zilizonse za impso ndi renal cell carcinoma, koma dzinali lafungatira mitundu yosiyana khalidwe. Tsogolo la wodwala limadalira mtundu wake, pomwe yafika, komanso kulusa kwa maselo ake.

Timayamba ndi kupaka inki kunja kwa impso, kenako kuing'amba pakati kuti formalin, mankhwala oteteza nyama kuti isawole, alowe. Formalin azichuluka kakhumi kuposa nyamayo. Impso ikabwera yosang'amba, mankhwala amangofika kunja, m'kati mumawola, ndipo zowolazo n'zosavuta kuzisokoneza ndi necrosis yeniyeni, kufa kwa maselo a chotupa chikadali m'thupi, komwe ndi chizindikiro choipa.

Chotupa choyamba chinali chachikasu ngati golide, chothimbirira magazi apa ndi apo. Ameneyu ndi clear cell, yemwe amapezeka mwa odwala pafupifupi 7 pa 10 alionse. Chikasucho ndi mafuta odzaza m'maselo, ndipo pokonza silaidi amasungunuka, n'chifukwa chake pa maikulosikopu maselowo amaoneka ngati opanda kanthu m'kati. Kawirikawiri jini ya VHL ya pa chromosome 3 imakhala itawonongeka, zomwe zimachititsa chotupa kumera timitsempha tambirimbiri ta magazi.

Kukula kwake kunali masentimita 3.5, ndipo pa sikani chinkaoneka ngati T1a, gulu la zotupa zosapitirira masentimita 4 zomwe sizinatuluke mu impso. Koma Lachitatu, masilaidi a renal sinus, malo amafuta apakati pomwe mitsempha imadutsa, anaonetsa maselo a khansa atalowa m'kanthambi ka mtsempha wotulutsa magazi. Pompo chinakwera kukhala pT3a, gulu la zotupa zomwe zalowa m'mitsempha kapena m'mafuta a impso. Apa m'pamene ambiri amaphonya, ndipo zimandiwawa, chifukwa zidutswa za sinus zikatengedwa mopereweza mu labotale wodwala amauzidwa kuti zatha, pomwe anayenera kumaunikidwa pafupipafupi, mwinanso kuganiziridwa pembrolizumab, mankhwala othandiza chitetezo cha thupi kulimbana ndi khansa, pambuyo pa opaleshoni. Khansa ikadali mu impso mokha, odwala opitirira 90 pa 100 amakhalabe moyo pakatha zaka 5. Ikafalikira kutali, safika 20 pa 100.

Chachiwiri chinali chachikulu, masentimita 9, chotuwa mofiirira: chromophobe, yemwe amapezeka mwa odwala pafupifupi 5 pa 100. Kukulako kunachiika pa T2a, gulu la zotupa zazikulu zomwe zikadali mu impso, komabe mtunduwu nthawi zambiri suthamangira kufalikira. Sitiupatsa giredi ya WHO/ISUP ya 1 mpaka 4, yomwe imayeza kulusa kwa maselo, poti nyukiliyasi zake n'zokwinyika mwachibadwa ndipo munthu akhoza kuziyesa zolusa. Chovuta n'kuusiyanitsa ndi oncocytoma, chotupa chomwe si khansa. Utoto woonetsa puloteni ya CK7 umagwira maselo ochuluka mu chromophobe, pomwe mu oncocytoma umangogwira amodziamodzi. Tinadula zidutswa zina pa malo oyera olimba kufuna maselo ataliatali a sarcomatoid, omwe ndi olusa kwambiri, chifukwa amenewo akapezeka, mu mtundu uliwonse, nkhani imasinthiratu. Sanapezeke.

Mtundu wina, papillary, wa odwala 10 mpaka 15 pa 100, sanabwere sabata ino. 

Lachinayi kunabwera kachidutswa kotengedwa ndi singano pa impso yachitatu, ya wodwala wachinyamata. Pa fomu panali mzere umodzi womwe unatithandiza kwambiri: ali ndi sickle cell trait, ndiko kuti anatengera jini ya matenda a magazi a sickle cell kwa kholo limodzi lokha. Chotupa chapakati pa impso mwa munthu wotere chimatiganizitsa medullary carcinoma, ndipo puloteni ya INI1 itasowa m'maselo tinatsimikiza. Ndi wosowa koma wolusa kwambiri, kawirikawiri amapezeka atafalikira kale. Mankhwala otsekereza kumera kwa mitsempha, omwe amathandiza clear cell, pano sagwira bwino. Pamafunika kemothelapi ya platinum, yomwe kwa clear cell siphula kanthu.

Lachisanu unali msonkhano wa madokotala a opaleshoni, a khansa, a sikani ndi ife. Kwa wodwala amene khansa yafalikira timawerenga mfundo 6 za IMDC, njira yoyezera chiopsezo chake: mphamvu za thupi zosafika 80 pa sikelo ya Karnofsky, kusakwana chaka kuchokera pomwe anapezeka ndi matenda kufika poyamba mankhwala, hemoglobin wotsika (magazi ochepa), komanso calcium ndi maselo a m'magazi otchedwa ma neutrophil ndi ma platelet okwera. Wopanda iliyonse ali m'gulu labwino, wa 1 kapena 2 ali pakati, wa 3 kupita m'mwamba ali pachiopsezo chachikulu.

Calcium ndi amene amapusitsa. Wodwala wina anali ndi 2.5 mmol/L, ndipo anaikidwa pakati ndi mfundo 2. Koma albumin wake, puloteni ya m'magazi yomwe ikatsika imachititsa calcium kuoneka wotsika, anali 28 g/L. Pa galamu iliyonse yoperewera pa 40 timawonjezera 0.02, ndiye 12 kuchulukitsa ndi 0.02 ndi 0.24, calcium n'kukhala 2.74, yemwe ndi wokwera. Imeneyo inali mfundo yachitatu, ndipo dokotala wa khansa anakonzanso zoti akakambirane ndi wodwalayo ndi abale ake Lolemba.