Masiku atatu m'zitsa za udzu kumpoto kwa Atigun Pass, mpata wa m'mapiri a ku Alaska

Nditabwerera chimanjamanja zaka ziwiri zotsatizana, chaka chino ndapha caribou, nyama yanyanga yofanana ndi mphalapala, ndi uta. Tinanyamuka mumzinda wa Fairbanks ku Alaska mu Ogasiti, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri, n'kutsata msewu wa Dalton umene unamangidwa mu 1974 chifukwa cha paipi ya mafuta yochokera ku Prudhoe Bay. Ku Coldfoot tinadzaza thanki ndi zigubu ziwiri, poti kuchokera pamenepo palibenso pomwetsera mafuta mpaka ku Deadhorse, mtunda wopitirira makilomita 380.

Kusaka ndi mfuti sikuloledwa m'dera la makilomita 8 mbali zonse ziwiri za msewuwu, choncho amene safuna kuyenda mtunda wonsewo amadalira uta. Chimene chinandidyera masiku atatu ndi nthaka yakumeneko. Ukaiona patali imakhala ngati bwalo losalala, koma ndi zitsa za udzu zogwedera, zokhala ndi madzi pakati pake, ndipo ukaponda pamwamba phazi limapotoka, ukaponda pakati umamira. Mitengo yobisalamo kulibe. Ndinkalondola nyamazo m'mbuyo ngati mmene ndimachitira ndi moose, nyama ina yaikulu yanyanga, m'nkhalango, osazindikira kuti caribou imadya ikuyenda, ndipo munthu sangaipeze pa nthaka yotere ngakhale atathamanga.

Tsiku lachinayi mwana wanga wamkulu, amene ankayang'ana ali pachitunda, anati: "Bambo, zonse zikuwolokera pa khwawa limodzi lomwe lija." Ndinakagona m'zitsamba za m'khwawamo mphepo ikundiomba kumaso, udzudzu ukundiluma, kwa maola anayi, mpaka yamphongo inadutsa pa mamita pafupifupi 30. Muvi umodzi unakwanira. Mivi imeneyi amandikonzera mkulu wina wa sitolo yaing'ono ku Fairbanks, yemwe amayeza uliwonse pasikelo asanandipatse, ndipo sindifunanso kugula kwina.

Kututa nyama kunatenga maulendo atatu, aliyense atasenza gawo lake. Nyanga tinabwera nazo pomaliza, chifukwa malamulo a ku Alaska salola kuzichotsa pamalopo nyama yodyedwa ikadali pomwepo, ndipo ine ndimagwirizana nalo lamulo limeneli ndi mtima wonse.

Chaka chamawa ndikulingalira zotsika mtsinje wa Sagavanirktok pa bwato lopopa, ana onse awiri ali ndi mauta awo, ngakhale bwatolo sindinaligule.