Kanthu kakang'ono ngati nsawawa: mbiri ya bizinesi yathu ya tokhwasula ta tiagalu

Chimphepo tinamutenga ali ndi masabata 9. Anali kagalu kofiirira, kamakutu akugwa, mapazi aakulu ngati obwereka. Dzinalo anamupatsa ndi mwana wanga wamkazi, chifukwa akangolowa m'nyumba zinthu zinkasala zili mbwee ngati mwadutsa mphepo yamkuntho. Masabata awiri asanathe anali atatafuna nsapato za bambo a kunyumba, mwendo wa mpando ndi chingwe chotchajira foni. Ine ndinkangokalipa. Ndikakalipa, iye ankapendeketsa mutu, kundiyang'ana, kenako n'kubwerera ku nsapato ija.

Tsiku limene ndinapita naye kukabayitsa katemera wotsatira ndi limene linatembenuza zinthu. Tili pa mzere, Chimphepo akukoka chingwe uku ndi uku, bambo wina wachikulire amene amaphunzitsa agalu anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kuti, "Mayi, tandibwerekani kagaluka pang'ono." Anapisa m'thumba n'kutulutsa kanthu kakang'ono kakuda. Anakaika pamphuno pa Chimphepo, n'kukakweza pang'onopang'ono kulowera kumbuyo kwa mutu. Mphuno inatsata dzanja, mutu unakwera, matako n'kutera pansi okha. Bamboyo anangoti "Eya!" ndipo kanthu kaja kanali kale m'kamwa. Anabwereza katatu. Kachinayi, Chimphepo anakhala pansi dzanja lisanakwere n'komwe.

"Chinsinsi chake musamachedwe, mayi," anatero. "Mukachedwa ndi masekondi awiri kapena atatu, galu amayesa mwamulipira pa zimene akuchita nthawi imeneyo. Za kukhala pansi zija waiwala kale." Nditafunsa kuti kanthuko kanali chiyani, anati ndi chiwindi chouma chimene amadziumitsira yekha.

Sindinayambe ndi chiwindi. Ndinathamangira kukagula mabisiketi a agalu a m'paketi, poganiza kuti zopangidwa kufakitale ndiye zabwino. Vuto linaoneka tsiku lomwelo. Bisiketi imodzi inali yaikulu komanso yolimba, moti Chimphepo ankapita nayo pakona kukatafuna, kenako n'kuyamba kusakasaka nyenyeswa pansi. Pofika nthawi yoti abwerere kwa ine, phunziro linali litazizira. Atadya asanu anali atakhuta, ndipo galu wokhuta sakumvera. Chonsecho kuti kagalu kagwire mawu amodzi ngati "khala" kapena "bwera", umafunika kubwereza kambirimbiri, mwina ka 20 kapena ka 30 pa tsiku, m'timagawo ta mphindi zitatu kapena zisanu, chifukwa maganizo a kagalu sachedwa kuuluka. Nditawerenga kuseri kwa paketi ndinapezanso shuga, mchere ndi utoto wokometsera maonekedwe, zinthu zimene zimakopa maso a munthu wogula koma galu alibe nazo ntchito.

Ndiye ndinagula chiwindi cha ng'ombe. Ndinachiwiritsa m'madzi opanda mchere mpaka chinapsa bwino, n'kuchidula mopyapyala, n'kuchiyala pa thireyi mu uvuni wotentha pang'ono, cha m'ma digiri 80, chitseko chili chotsegula pang'ono kuti nthunzi izituluka. Chinakhala mmenemo maola pafupifupi anayi. Fungo linadzaza nyumba yonse mpaka m'makatani, koma Chimphepo sanachoke pakhomo la khitchini. Mphuno ya galu ili ndi tizigawo tonunkhizira tofika mamiliyoni mazanamazana, pamene ife tili ndi pafupifupi 6 miliyoni chabe, ndiye kwa iye fungo ndi limene limauza kuti chinthu n'chamtengo wapatali, kukula kwake ayi. Ndinachidula timagawo tating'ono ngati nsawawa. Sabata imeneyo anaphunzira "khala", "gona" ndi "siya".

Koma chisangalalo chinandipitirira, ndinamupatsa chiwindi chambiri, ndipo tsiku lachinayi anatsegula m'mimba. Dokotala wa ziweto anandikhazika pansi n'kundifotokozera zinthu ziwiri zimene mpaka lero ndimazilemba pa paketi iliyonse. Choyamba, chiwindi chili ndi vitamini A wambiri, ndipo vitamini ameneyu satuluka ndi mkodzo, amasungika m'thupi. Akachuluka kwa nthawi yaitali amawononga mafupa ndi mfundo za thupi. Chachiwiri, tokhwasula tonse ta tsiku tisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya chakudya chimene galu akudya pa tsikulo. Magawo 9 otsalawo azichokera ku chakudya chake chenicheni, chimene chili ndi zonse zofunika kuti akule bwino. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyeza chakudya chake pa sikelo m'mawa, kutapako pang'ono kuti ndiziphunzitsira zinthu zosavuta, chiwindi n'kuchisungira zovuta, makamaka "bwera" pamene waona galu mnzake.

Bizinesi inabadwira pa mzere womwe uja. Titapita kukabayitsa katemera wotsiriza, Chimphepo anakhala phee pambali panga, maso ali pa thumba langa. Mayi wina amene kagalu kake kankamukoka mpaka kutsala pang'ono kugwa anandifunsa kuti, "Amayi, mumamupatsa chiyani ameneyu?" Ndinamugawira pang'ono. Patatha masiku atatu anaimba foni kuti ndimupangire, alipira. Iye anauza mnzake, mnzakeyo anauza wina. Mwana wanga anajambula zithunzi n'kuziika pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo ndinayamba kudzuka m'bandakucha kuti uvuni ukhale utamaliza ntchito ya agalu isanakwane nthawi yophika za banja.

Makasitomala ndi amene anandiphunzitsa kuti tiagalu tili ndi njala za mitundu iwiri. Pali njala ya mphotho, imene imafuna kanthu kakang'ono, kofewa, konunkhira, komezeka nthawi yomweyo. Pa imeneyi timapanga chiwindi chija, komanso timabulu ta nyama ya nkhuku yogaya, dzira, dzungu lophika ndi ufa wa oats, toti munthu atha kutinyema ndi zala. Ndiye pali njala ya ntchito, ndipo imeneyi ndi imene imathetsa nsapato m'nyumba. Kagalu kamakhala ndi mano 28 a ubwana. Cha m'miyezi itatu kapena inayi amayamba kuguluka, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amakhala atalowedwa m'malo ndi mano 42 a ukulu. Nthawi yonseyi nkhama zimanyerenyesa, kagalu kamafuna chotafuna. Ukapanda kukapatsa, kadzipezera kokha.

Pa njala imeneyi timadula mbatata m'timizere tatitali n'kuiumitsa mpaka ikhale yotamuka koma yosauma gwa. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati chikhadabo chako sichingasiye chizindikiro pa chinthucho, ndiye kuti n'cholimba kwambiri ndipo chikhoza kuthyola dzino. Timapanganso phala lokhuthala la dzungu, nthochi ndi chiponde pang'ono, loti munthu alipake m'kati mwa zidole za labala zobowoka, monga zija zopangidwa ndi kampani ya Kong, n'kuziika m'firiji mpaka ziundane. Kagalu kamatha nthawi yaitali kakunyambita, kuzizirako kukuziziritsa nkhama, ndipo kakamaliza nthawi zambiri kamangogona. Ena alibe chidole chotero, ndipo ndimawauza kuti asadandaule. Mwazani tokhwasula pa udzu kuti kazisaka ndi mphuno, kapena tikulungeni m'thaulo lakale kuti kavutike kufunyulula, kapena tibiseni pansi pa kapu imodzi mwa makapu atatu. Ingokhalani pafupi, musakasiye kokha ndi thaulo kapena chotafuna chilichonse, chifukwa kakhoza kumeza chidutswa.

Chinthu chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa chinachitika maoda atayamba kuchuluka. Tsiku lina ndinali pa changu, ndinalongedza mbatata isanazizire bwinobwino. Inkaoneka youma, koma m'kati munali mukadali kutentha, ndipo m'mapaketi otsekawo munachita thukuta. Patatha masiku asanu, bambo wina anaimba foni. Sanakalipe, anangoti, "Mayi, mu paketi muja mwamera zoyerayera." Mtima unangoti myu. Ndinatsegula kope la maoda n'kuimbira aliyense amene anagula pa tsiku limenelo, mmodzimmodzi, kuwauza kuti asapatse galu ngakhale kamodzi, ndibwera kudzatenga. Ena anali asanaone chilichonse ndipo ankadabwa kuti ndikuvutikiranji. Bambo a kunyumba anandiperekeza kuzungulira makomo onsewo mpaka usiku. Tinataya zonse, n'kupanga zina osalipiritsa. Palibe galu anadwala, koma mwezi umenewo phindu silinaoneke, ndipo kasitomala mmodzi sanabwererenso. Sindimuimba mlandu, anali atatikhulupirira pa kagalu kake.

Zoyerayera zija zinali chuku, ndipo chuku si nkhani yongochita nyansi. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni, ndipo woopsa kwambiri ndi aflatoxin, amene amakonda kupezeka mu mtedza ndi chimanga zosasungidwa bwino. Amawononga chiwindi, agalu sachedwa kugwa naye, ndipo kuphika sikumuthetsa. N'chifukwa chake mtedza wa chiponde chathu timausankha ndi manja, wonyala, wosweka kapena wosintha mtundu n'kuutaya, ndiye n'kuukazinga ndi kuugaya tokha popanda mchere kapena shuga. Zouma zonse tsopano zimagona usiku wonse pa waya zisanalowe mu paketi. Ndinagula choyezera kutentha chobaya pa nyama, ndipo nkhuku sichoka pa moto isanafike madigiri 74 m'kati, kuti majeremusi a salmonella afe. Majeremusi amenewa sadwalitsa galu yekha, amafikanso kwa mwana wa m'nyumba amene wagwira tokhwasula kenako n'kuika zala m'kamwa. Pa paketi iliyonse timalemba tsiku lopangira ndi zonse zimene zili m'katimo. Tofewa timati tikhale m'firiji masiku atatu kapena anayi basi, totsala azitiika mbali yozizira kwambiri ya firiji kuti tiundane. Anthu ena amadandaula kuti masikuwo ndi ochepa, ndipo ndi zoona, chifukwa sitiikamo mankhwala otetezera kuwonongeka. Ndinasankha kupanga pang'onopang'ono kawirikawiri, ngakhale kuti zimadya nthawi ndi magetsi.

Mbali ina ya ntchitoyi imene sindinaiganizire poyamba ndi kukana. Mnyamata wina anabwera n'kuti, "Amayi, mundiikiremo adyo, akuti amathamangitsa utitiri ndi nkhupakupa." Ndinamuuza kuti, "Achimwene, adyo ndi anyezi zimawononga maselo ofiira a magazi a galu, kaya zaziwisi, zophika kapena zaufa, ndipo zizindikiro zimatha kuoneka patapita masiku. Za utitiri pitani kwa dokotala wa ziweto akupatseni mankhwala oyenera msinkhu wake." Mayi wina ankafuna keke ya chokoleti ya tsiku lobadwa la galu wake. Mu chokoleti muli theobromine, amene thupi la galu limachedwa kwambiri kumutulutsa, ndipo chokoleti chakuda ndiye choopsa zedi. Tinamupangira ya dzungu ndi nthochi. Mphesa, zaziwisi kapena zouma, sizilowa n'komwe m'khitchini mwathu tikamagwira ntchito, chifukwa zimatha kuimitsa impso. Mafupa ophika sitigulitsa, amasweka n'kukhala akuthwa ngati misomali. Amene amafuna kugula okha chiponde cha m'botolo ndimawapempha kuti awerenge kuseri: akaona mawu akuti xylitol, asiye. Ndi chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga, chimene chimapezekanso m'chingamu ndi m'mankhwala ena otsukira mano. Kwa galu chimagwetsa shuga wa m'magazi mofulumira kwambiri, nthawi zina ola lisanathe.

Chimene chimandivuta kufotokoza ndi cha calcium. Eni tiagalu ta mitundu ikuluikulu amafuna kuti mafupa alimbe, ndiye amapempha kuti ndiwonjezere ufa wa mafupa kapena wa zikhokhombe za mazira. Cholinga chawo n'chabwino, koma kagalu kamene kakukula sikatha kukana bwino calcium wopyola muyeso, ndipo kwa mitundu ikuluikulu zimenezi zimasokoneza kakulidwe ka mafupa. Ngati kakudya chakudya chokwanira cha tiagalu, zowonjezera aziuzidwa ndi dokotala, osati ndi ine.

Lero tili ndi makina oumitsira a mathireyi angapo, ndipo uvuni wa banja unapuma. Mwana wanga ndi amene amalandira maoda ndi kusunga kope. Aliyense wogula koyamba timamufunsa msinkhu wa kagalu, kulemera kwake, ndiponso ngati pali chakudya chimene chimakayabwitsa kapena kukatsegula m'mimba, ndipo timamuuza kuti ayambe ndi mtundu umodzi, pang'ono, aone masiku awiri kapena atatu.

Loweruka lapitali kunabwera mtsikana wa zaka 10 ndi agogo ake, atanyamula kagalu ka masabata 8. Agogowo anati kagaluko kamaluma zala za aliyense. Ndinamupatsa mtsikanayo kachiwindi kamodzi n'kumuuza kuti, "Mwanangu, ika pamphuno, kweza pang'onopang'ono, usalankhule kaye." Ulendo woyamba anakweza kwambiri, kagalu n'kudumpha. Wachiwiri anatsitsa dzanja, matako anatera pansi, iye n'kukuwa "Eya!" mokweza mpaka Chimphepo, amene anagona pakhonde, anadzuka n'kubwera kudzakhala pansi pambali pa kagaluko, maso ali pa dzanja la mtsikanayo.