Momwe ndinagulira Honda CG125 yakale ku Salima

Njinga yamoto imene ndinkaisirira poyamba inali Royal Enfield Bullet, imene inayamba kupangidwa ku Redditch m'dziko la England m'zaka za m'ma 1930, ndipo kuchokera mu 1955 ntchito yoimanga inafika ku Madras, mzinda umene lero umatchedwa Chennai. Ngakhale Royal Enfield Classic 350 ya masiku ano imasungabe thanki yobulungira, nyale imodzi yaikulu ndi kulira kwake kolemera. Koma ndisanatulutse ndalama ndinayenera kuyankha funso limodzi lokha: njingayo ikadzandifera pa Khombedza kapena pa Benga, chitsulo chake ndidzachipeza kuti?

Funsoli ndinapita nalo kwa makaniko amene amakonza njinga za kabaza pa Kamuzu Road. Iwo anandiloza njinga zimene zinali pamzere n'kunena kuti, "Bwana, gulani chinthu choti ife tikhoza kuchimasula ndi kuchimanganso." Anali kunena za Honda CG125. Njingayi inatuluka mu 1975, kampani ya Honda itaona kuti m'maiko otentha ndi afumbi eni njinga ambiri amachedwa kusintha oyilo, ndiye inapanga injini ya 124cc yopirira, imene mavavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo, osati kukokedwa ndi tcheni cha m'kati. Njinga zambiri za ku China zimene anyamata a kabaza amayendetsa zinatengera injini yomweyi, choncho pisitoni, magasiketi, mapuleti a kilatchi ndi zingwe zimapezeka m'mashopu a pa boma pomwepa. Si zonse zimene zimalowa ndendende, ndipo kulimba kwake n'kosiyana, komabe munthu sugona panjira.

Njingayo ndinaipeza kwa bambo wina wachikulire amene anapuma ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Ndinawapempha kuti asailize tisanafike, chifukwa injini yotentha kale imabisa matenda. Makaniko anaikhudza kaye ndi dzanja kuti atsimikize kuti ndi yozizira, kenako anaponda kiki pang'onopang'ono kuti amve ngati ikukana phazi. Kiki yotsika mosavuta kawirikawiri imasonyeza kuti maring'i a pisitoni atha. Italira, tinayang'ana utsi: wabuluu ndi oyilo amene akupsa, wakuda ndi petulo wochuluka kuchokera mu kabuleta, ndipo vuto lachiwirili ndi laling'ono. Yathuyi inatulutsa wakuda pang'ono. Tinawunika m'thanki ndi tochi kufunafuna dzimbiri, pakuti kuno kunyanja chinyezi chimadya chitsulo mwakachetechete, ndipo njinga yoimikidwa nthawi yaitali thanki ili theka ndi imene imawola msanga. Pomaliza tinaimika njinga, n'kuyang'ana kuchokera kumbuyo ngati matayala awiri ali pamzere umodzi. Ichi ndi chimene sindikanalolera: injini imakonzeka, koma felemu yopindika pa ngozi imakoka mbali imodzi mpaka kale, ndipo mumchenga wa ku Senga Bay ikhoza kukugwetsa.

Mtengo sitinaukhudze tisanaone mapepala. Ndinapempha bulubuku ndi chiphaso cha unzika cha bambowo, kenako tinapukuta nambala ya chesisi pakhosi la felemu ndi nambala ya injini, n'kuziwerenga chilembo ndi chilembo. Anthu okonda zakale amakopeka ndi kuwala kwa thanki n'kuiwala kuti njinga yokalamba kawirikawiri inadutsa m'manja ambiri, inasinthidwapo injini, kapena inalowa m'dziko msonkho wa MRA usanalipidwe. Yoteroyo ikhoza kukhala yokongola, koma kuilembetsa m'dzina lako kumakhala kovuta, ndipo pa rodibuloko ulibe choyankha. Manambala atagwirizana, ndinati, "Bambo, njingayi mwaisamala, koma matayala ang'ambika m'mbali ndipo tcheni ndi masipuloketi zatha, mundichotsereko ya zimenezi." Anaseka, anatsitsa pang'ono, ndipo tinalemba kalata yogulitsirana pamaso pa mboni za mbali zonse ziwiri. Ndinapereka gawo la ndalama, yotsalayo tinagwirizana kuti ndidzamaliza umwini ukasinthidwa.

Kusintha umwiniko tinakachitira ku Road Traffic ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Ndinapita ndi mwini wakeyo chifukwa mu kompyuta ya MALTIS munthu amadziwika ndi khadi lake ndi zidindo za zala, ndipo kukhala naye pafupi kunachepetsa mafunso. Njinga inayesedwa kuti ipatsidwe COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndinadula inshulansi, ndipo laisensi yanga ya A1 inali yokwanira chifukwa injiniyi sipitirira 125cc. Amene akufuna Bullet ya 350 adziwe kuti afunika laisensi ya A.

Pokonza ndinasankha kuyamba ndi zimene zimasunga moyo: matayala, mabuleki, tcheni, magetsi ndi chisoti chabwino. Penti ndinaisiya momwe inaliri, yofiira koma yofwifwa ndi dzuwa, ngakhale anzanga ankati ndiipopere kuti iwale. Kwa ine njinga yakale yopakidwa penti yatsopano ndi zomata za m'shopu imataya chimene ndinaigulira. Makaniko anatsuka kabuleta, anachapa siponji yosefera mpweya n'kuinyowetsa ndi oyilo pang'ono, anatsukanso kasefa kawaya ka oyilo kamene kali pansi pa injini, kamene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo. Injiniyi imamwa oyilo pafupifupi lita imodzi basi, ndipo m'kutentha kwa Okutobala kuno oyilo wochepa chotero amatopa msanga, choncho ndimamusintha kawirikawiri ndipo ndimayang'ana mlingo wake ndisanatuluke m'mawa. Pa M5 kupita ku Nkhotakota ndimayenda pa liwiro la 60 kapena 70, ndipo ndikafika pa Chia ndimaima kuti injini ipume ndi kuona ngati tcheni sichinakhwefuke.