Lachitatu ku Ulongwe: bokosi lakana kuyaka

Usiku kunagwa mvula ya mphenzi kuno ku Angónia, ku Mozambique, ndipo m'mawa foni inalira ndisanamwe n'tiyi yemwe. Anali amayi amene amasunga mabuku a kagulu ka alimi a kachewere. "Achimwene, fulumirani, bokosi lathu lija lakana kuyaka."

Bokosi lakelo ndi NAS, kachipangizo ka ma hard drive awiri kamene makompyuta onse a mu ofesi amasungirako mafayilo kudzera pa netiweki. M'menemo muli maina a mamembala, ngongole za feteleza ndi mbewu, amene wabweza ndi amene sanabweze. Zikasowa zimenezi, anthu otunga madzi pa chitsime chimodzi atha kusiya kupatsana moni.

Ndinapeza kanyale kakutsogolo kakungophethira, fani ikazungulira pang'ono n'kuima. Ndinayamba ndi adaputala ya magetsi, poti nthawi zambiri ndi imene imapsa. Mita inaonetsa mavoti 12 ndithu. Ndiye ndinaganiza kuti chafa ndi bolodi ya mkati.

Chimene chinandidula mtima ndi china. Mnyamata wa mu ofesimo, pofuna kuthandiza, anali atazula kale disiki imodzi n'kuilumikiza ku laputopu. Windows inali ikufunsa ngati aifomate, chala chake chili pa batani. Ndinamugwira dzanja. "Mng'ono wanga, tayamba waima." Sindikumuda, uthengawo umaoneka ngati wothandiza. Koma ma NAS ambiri mkati mwake amayendera Linux, osati Windows: madisiki amalumikizidwa ndi pulogalamu ya mdadm, kawirikawiri pamwamba pake pali LVM yogawa malo a pa disiki, ndipo mafayilo amasungidwa m'kasanjidwe kotchedwa ext4 kapena Btrfs. Windows payokha siwerenga zimenezi, ndiye imaona ngati disikiyo ndi yachabe, pomwe zonse zili momwemo.

Ndinamata tepi pa disiki iliyonse n'kulemba 1 ndi 2 monga momwe zinakhalira m'bokosi. Tinatsegula desktop yakale ya pakona, kupukuta fumbi, kulumikiza madisiki onse awiri pa SATA (polumikizira madisiki mkati mwa kompyuta), n'kuiyatsa ndi Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ya pa fulashi. Mapulogalamu a mdadm, lvm2 ndi smartmontools ndinawakoka ndi bandulo ya pa foni yanga.

Ndisanakhudze chilichonse ndinayamba ndayeza madisikiwo ndi smartctl, kapulogalamu koonetsa ngati disiki ili bwino. Woyamba anali bwino. Wachiwiri anali ndi ma sector (tizigawo ta disiki) okanika kuwerengeka, mwina anayamba kudwala mphenzi isanabwere. Mwayi wake bokosili linali pa RAID 1, pomwe disiki iliyonse imasunga zofanana ndi inzake, choncho imodzi ndi yokwanira. Ndinazimitsa, kuchotsa wachiwiriyo, kudzutsa RAID ndi disiki imodzi, kenako kulemba lamulo la vgchange -ay lodzutsa LVM ija, kenako mount -o ro lotsegulira mafayilo. Ka "ro" kameneka n'kofunika kwambiri: umawerenga kokha, sulembamo kanthu.

Mafoda anatuluka onse, maina ake a Chipwitikizi aja. Amayi aja anakoka mpando, anatsegula fayilo ya Crédito, ya ngongole, n'kutsika ndi chala pa sikirini mpaka pa mudzi wa kwawo. Anawerenga maina angapo mokweza, kenako anatuma mwana kukagula mandasi.

Ndinawauza mosabisa kuti madisiki awiri a m'bokosi limodzi, pa soketi imodzi, si backup, kope losungidwa padera. Mphenzi ikanamenya mwamphamvu ikanatenga onse pamodzi. Anavomera, ngakhale nkhani ya mameticais ogulira UPS, kabokosi ka batire koteteza zipangizo magetsi akavuta, iyenera kudikira msonkhano wa komiti.

Kukopera ndi pulogalamu ya rsync kupita pa disiki yakunja kunatha dzuwa litapendeka, ndipo ndinatsegula mafayilo ena apa ndi apo kuti nditsimikize. Kope lina lapita pa laputopu ya amayiwo, azikagona nalo kunyumba. Bokosi latsopano tiyamba tafunsa mitengo ku Tete ndi ku Lilongwe, poti kuchokera kuno Lilongwe ndiye pafupi ukadzera pa Calómuè ndi Dedza. Pakadali pano alimi obweza ngongole mawa alembedwa pa laputopu.