Kujambula mbalame za mu Harare

Nthawi yabwino ndi 6 mpaka 8 koloko m'mawa, dzuwa lili kumsana kwanu. Ku nkhalango ya Mukuvisi Woodlands vuto ndi nthambi: kamera imagwira tsamba la kutsogolo, mbalame n'kutuluka mbuu. Sankhani kadontho kamodzi ka focus (pamene kamera ilunjike kuti paoneke bwino), mukaike pa diso. Shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) ikhale 1/1000 ya sekondi ngati mbalame yatera, 1/2000 ngati ikuuluka, ndipo ISO 1600 musaiope (ISO yokwera imawalitsa chithunzi koma imabweretsa timadontho). Chithunzi cha timadontho chimaposa chogwedezeka.

Akakowa a ku dambo la Monavale, kapena mutu wa nkhwazi ku Lake Chivero, amawala kwambiri mpaka nthenga kusaoneka. Tsitsani exposure (kuwala kwa chithunzi) ndi 1.

Pozindikira, musathamangire mtundu wa nthenga chifukwa mthunzi umanamiza. Yambani ndi kukula kwake, mlomo ndi mchira. Pumbwa savuta: mutu wakuda, chikasu pansi pa mchira. Njiwa ndiye zimasokoneza anthu. Ziwiri zili ndi kamzere kakuda kumbuyo kwa khosi, koma yaikuluyo ili ndi diso lofiira. Yachitatu, yaing'ono ya timadontho pachifuwa, kamzereko ilibe. Jambulaninso kulira kwake pa foni, pulogalamu yozindikira mbalame ya Merlin ikuthandizeni, komabe yankho lake mulitsimikize ndi chithunzi.