Zikomo nonse amene munandithandiza kudzutsa makina a apongozi

Lero ndabweza gawo lomaliza la ngongole ya kubanki m'khonde, ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze. Mundipirire, ndilemba motalikirapo.

Amene mumatidziwa kuno ku Chibavi mu Mzuzu mukukumbuka mmene zinthu zinatithinira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipanapite miyezi iwiri bambo akunyumba ntchito inawathera. Kageni kanga ka kaunjika nako kanafa kokha: belo kukwera mtengo, ukalitsegula theka lake n'kukhala zosagulitsika. Lendi inkadikira, ana atatu ankadikira, siketi ya yunifolomu ya mwana wathu woyamba inali itafika pamwamba pa maondo.

Poyamba ndithokoze apongozi anga a ku Ekwendeni. Amama, makina anu a Singer aja ndinkawaona zaka zonsezi ali pakona atafunditsidwa kansalu, pamwamba pali wailesi, ine n'kumayesa ndi tebulo. Simunandifunse ngati ndimadziwa kusoka. Munangowakweza minibasi, n'kundiimbira foni kuti ndikawalandire kudepoti, n'kuwonjezera kuti chitsulo chimenecho ndi chimene chinalipirira amuna anga sukulu. Yewo chomene, amama. Chitumbuka changa chikadali chopunduka, koma mawu amenewo ndimawatha.

Makinawo anafika atauma gwa, gudumu osazungulira. Apa ndiye pakubwera adada atelala a pakhonde lina kufupi ndi msika wa Zigwagwa. Anawamasula chidutswachidutswa, kutsuka ndi parafini, kuthira mafuta, kusintha lamba, ndalama anangolandira ya lambayo basi. Kenako kwa milungu itatu ndinkakhala pambali pawo masana aliwonse. Ndi iwo anandiphunzitsa kuti ulusi ukamapanga mfundo kunsi kwa nsalu, usalimbane ndi bobini, yamba waona ulusi wapamwamba ngati wadutsa bwino. Ndi iwonso anandiletsa kudula nsalu ndisanayeze kawiri. Tsiku lina anandilanda sizasi m'manja ataona ndikudulira pepala, ndipo mpaka lero ana anga amadziwa kuti sizasi ya nsalu sakhudza. Munthu wina akanaopa kuti ndidzamulanda makasitomala. Adada, Mulungu akuwonjezereni masiku.

Achemwali oyandikana nafe nyumba, inu munali kasitomala wanga woyamba ndipo ndinakuonongerani chitenje. Manja onse awiri a diresi ndinadula a mbali imodzi! Munaseka mpaka misozi, n'kunena kuti tichotse manjawo likhale lopanda manja. Munalivala kupita nalo kumsika mu Juni, kuzizira kwa Mzuzu kuja, mutaphimba ndi juzi. Anthu anayi oyamba amene anabwera pakhomo panga anatumizidwa ndi inu.

Amayi anzanga a kubanki m'khonde, munandikongoza ndilibe chikole chilichonse koma makina a eni. Amayi a ku Taifa Market amene mumandipatsa zitenje za ku Tanzania kuti ndilipire ndikasoka, inunso sindikuiwalani.

Kunena zoona, si madiresi a ukwati amene atidyetsa. Ndi zigamba, mazipi, kupinda mabuluku ndi kutembenuza kolala ya malaya yoperepeseka kuti mbali yabwino ibwere kunja. Kale zimenezi anthu ankachita nazo manyazi, chovala chikang'ambika ankangopita pakaunjika kukatola china. Pano buluku la bambo likatha m'maondo limasanduka kabudula wa mwana, ndipo tizidutswa totsala ndimalumikiza kukhala zikwama za mabuku ndi zopondera pakhomo. Ndipo si ine ndekha: mumsewu wathu wokhawu ndimamva makina akulira m'nyumba zina ziwiri. Ena amandifunsa ngati sindikudandaula nazo. Ayi ndithu, ntchito yokonza zong'ambika ndi yambiri kuposa manja athu, ndipo singano ikandithyokera usiku ndimakabwereka komweko. Ubwino wina wa makina opalasa ndi wakuti magetsi akazima ine ndimangoyatsa tochi ya foni n'kupitiriza.

Bambo a ana, inu ndakusungirani kumapeto dala. Anzanu ankakusekani atakupezani pakhonde mukusokerera mabatani, inu osawayankha. Pano mwapeza kaganyu ku Luwinga, komabe madzulo mumakhala pansi n'kumasita zimene ndasoka. Zikomo.

Siketi ya mwana ija ndinasoka ndekha, ndipo mpendero ndinaupinda waukulu kuti azingoumasula akamakula. Loweruka likubwerali ndikupita ku Ekwendeni ndi diresi la apongozi, loyamba kuwasokera pa makina awo omwe. Manja ndayeza katatu.